Mawu a Tanthauzo Limodzi: Mafunso ndi Mayankho pa Mfotokozi wa Chingerezi "Unequivocal"

Kodi "unequivocal" amatanthauza chiyani, ndipo ali m'gulu liti la mawu?

Mawuwa ali m'gulu la afotokozi, omwe ndi mawu amene ntchito yake ndi kunena zambiri za dzina, monga momwe "wamtali" amanenera za munthu kapena "yozizira" amanenera za nsima. Akaikidwa pa yankho, pa lonjezo, pa chigamulo kapena pa umboni, amasonyeza kuti chinthucho chili ndi makhalidwe awiri pa nthawi imodzi, kuti n'choonekeratu moti wakumva sachita kufukula kuti achipeze, komanso kuti chili ndi tanthauzo limodzi lokha moti palibe angachipotoze n'kunena kuti iye anamva zina. Chichewa sichisowa njira zonenera zimenezi, pakuti munthu amatha kuyankha mosapita m'mbali, mosapsatira, mosabisa Chichewa kapena mwatchutchutchu. Kusiyana kwake n'kwakuti mawu a Chichewawa amanena za kalankhulidwe ka munthuyo, pomwe mfotokozi wa Chingereziyu amamatira pa chinthu chimene chalankhulidwacho, ndipo wophunzira amene waloweza tanthauzo lokha osazindikira zimenezi amaika mawuwa pamalo polakwika m'chiganizo.

Nanga bwanji osangogwiritsa ntchito "obvious" kapena "clear", omwe aliyense amawadziwa kuyambira ku pulayimale?

Chifukwa chake n'chakuti mawu atatuwa sayeza chinthu chimodzi, ngakhale kuti ophunzira ambiri amawalemba pa mzere umodzi m'kope ngati mawu ofanana matanthauzo. "Obvious" amanena za chinthu chimene maso kapena nzeru zimachigwira msanga popanda wina kuuza mnzake, monga khoma la zidina zosaotcha limene lang'aluka mvula itagwa usiku wonse ku Mgona, lomwe aliyense wodutsa akuona kuti ligwa. Khomalo silinalankhule kanthu, choncho funso loti lili ndi tanthauzo limodzi kapena awiri silibuka n'komwe. "Clear" ndi mawu otambalala kwambiri, chifukwa amanena za madzi oyera, za thambo lopanda mitambo, za mawu omveka bwino pa foni ndi za malangizo osavuta kutsata.

Kusiyana kwenikweni kumaoneka bwino pa nkhani ya lendi, yomwe imadziwika m'makomboni onse a mu Lilongwe. Mwini nyumba ku Biwi akauza wochita lendi kuti, "Bambo, ndalama ija muzipereka kumapeto kwa mwezi," mawu ake ndi omveka ndithu, palibe liwu lachilendo, ndipo m'Chingerezi akhoza kutchedwa "clear". Komabe kumapeto kwa mwezi kwa mwini nyumba kungakhale tsiku limene wamva kuti a m'boma alandira, pomwe kwa wochita lendi amene amagwira ntchito m'fakitale ku Kanengo kungakhale pa 30 kapena sabata yoyamba ya mwezi winawo, ndipo onse awiri akhoza kulumbira kuti akunena zoona. Pangano lotere si "unequivocal". Limasanduka lotero pokhapokha atagwirizana kuti ndalama yakuti iperekedwe pasanadutse pa 5 mwezi uliwonse, chifukwa apo mpata woti wina amve zake watsekeka. Chimene mfotokoziyu amayeza ndi mpata umenewu.

Pali afotokozi enanso apafupi amene ndi bwino kuwasiyanitsa pomwepa. "Explicit" amanena kuti zonse zatchulidwa chimodzichimodzi, osasiya kuti womva adziganizire yekha zotsalazo. "Evident" amanena za chimene chaoneka chifukwa cha zizindikiro zomwe zilipo. "Plain" ndi wamfupi komanso wa tsiku ndi tsiku. "Blatant" amayenda ndi zoipa zokhazokha zochitidwa mopanda manyazi, monga bodza lamkunkhuniza kapena katangale wochitikira poyera, moti wophunzira amene walemba kuti mphunzitsi wake anamuonetsa chikondi cha "blatant" wamunyoza mphunzitsiyo asakudziwa.

Kodi mawu aatali chonchi anachokera kuti?

Muzu wake ndi wa Chilatini, chiyankhulo chakale cha Aroma chimene chinapatsa Chingerezi mawu ambiri a zamalamulo, zachipembedzo ndi zamaphunziro. Muli "aequus", kutanthauza chofanana, ndi "vox", kutanthauza liwu, ndipo ziwirizi zitaphatikizana zinabala "equivocal", mawu onena za chinthu chimene chili ndi matanthauzo awiri olemera mofanana, moti womva amakhala ngati waima pa mphambano osadziwa njira yolowera. Mphatikiri "un-" woikidwa kumayambiriro ndi wotsutsa, ndipo amagwira ntchito yofanana ndi "-sa-" wa mu "chosadziwika". Mawu otsutsawa anayamba kuoneka m'zolembedwa za Chingerezi m'zaka za m'ma 1700, patapita nthawi "equivocal" ali kale m'chiyankhulocho.

Ophunzira a sekondale amene awerengapo sewero la Macbeth, lolembedwa ndi William Shakespeare cha m'ma 1606, anakumana kale ndi banja la mawuwa ngakhale ena sanazindikire. M'sewerolo mlonda wa pachipata woledzera amaseka munthu wolankhula paŵiripaŵiri, amene amatchedwa "equivocator", ndipo akatswiri ambiri amagwirizanitsa nthabwalayi ndi mlandu wa wansembe Henry Garnet, yemwe anazengedwa mu 1606 pambuyo pa chiwembu chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ku London mu 1605. Choposa apo, Macbeth mwiniwake amaphedwa ndi malosero a matanthauzo awiri. Amauzidwa kuti munthu wobadwa mwa mkazi sangamupweteke, iye n'kumva kuti palibe angamuphe, koma womupha wake Macduff anachita kutulutsidwa m'mimba mwa mayi ake mong'amba. Mphunzitsi wa ku Chipasula kapena ku Dzenza amene akufuna kuti ana agwire mfotokoziyu ali ndi poyambira pabwino m'buku limene lili kale m'manja mwawo.

Amatchulidwa ndi kulembedwa motani?

Ali ndi maphatikizo asanu, ndipo mphamvu ya liwu imagwera pa phatikizo lachitatu, "quiv", lomwe limamveka ngati "kwiv". Apa pamavuta olankhula Chichewa chifukwa chiyankhulo chawo chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, komanso chimafuna kuti phatikizo lililonse lithere ndi lembo la liwu, moti lilime limafuna kuwonjezera "o" kumapeto kwa "l". Pa kalembedwe, cholakwika chofala, chomwe ngakhale eni chiyankhulo amachita, ndicho kulemba "unequivocable" potengera afotokozi ambiri othera ndi "-able". Muonjezi wake, kutanthauza mawu onena zambiri za mneni, ndi "unequivocally", ndipo ameneyu ndiye amafanana kwambiri ndi "mosapita m'mbali".

Kodi munthu wa ku Kawale kapena ku Chinsapo angakumane nawo pati mawuwa moti n'kumukhudza?

Malo amene mawuwa amalemera kwambiri ndi khoti la majisitireti, komwe anthu ambiri a m'makomboni amakaima opanda loya. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni m'Malawi, lotchedwa Criminal Procedure and Evidence Code, limanena pa ndime 251 kuti mlandu uwerengedwe ndi kufotokozedwa kwa woimbidwa mlandu, kenako afunsidwe ngati akuvomera kapena kukana. Akavomera, mawu ake alembedwe mofanana momwe kungathekere ndi momwe iye wawanenera, ndipo khoti lisanalembe kuti wavomera liyenera kutsimikiza kuti munthuyo akumvetsa chimene akuchita ndi zotsatira zake, komanso kuti akuvomera popanda kuikapo "koma". Oweruza akamanena za kuvomera kotereku amati kukhale "unequivocal", ndipo kuvomera kokhala ndi mchira amakutcha "equivocal".

Zimenezi zimaoneka bwino pa mlandu wamba wa kuba. Mnyamata woimbidwa mlandu woba foni pa msika akafunsidwa kudzera mwa womasulira, n'kuyankha kuti, "Ndikuvomera, bwana, ndinaitengadi, koma mwiniwakeyo ali ndi ngongole yanga ndiye ndimati ndisunge ngati chikole," pakamwa pake patuluka mawu oti akuvomera, koma chimene wavomera ndi kutenga, osati kuba. Chiganizo chake chili ndi mayankho awiri otsutsana, ndipo majisitireti wosamala salemba kuti wavomera mlandu. Amalemba kuti wakana, kuti mboni zibwere nkhaniyo imveke bwino. Chimodzimodzi amene akuti, "Ndinamumenyadi, koma ndiye anayamba kunditulutsira mpeni," wabweretsa nkhani yodziteteza imene khoti liyenera kuimva. Khoti lalikulu likamaunikanso milandu yochokera kwa majisitireti limatha kufafaniza chigamulo pa chifukwa chimenechi chokha.

Udindo wa womasulira ndi waukulu kuposa momwe anthu amaganizira. Malamulo oyendetsera dziko lino, pa ndime 42, amapatsa woimbidwa mlandu ufulu woti mlandu wake uzengedwe m'chiyankhulo chimene akumva, apo ayi amumasulire boma likulipira. Womasulira amene watopa n'kudula chiganizo cha mnyamata uja kuti chikhale "I admit" basi, wachotsa "koma" amene akanasintha njira yonse ya mlandu, ndipo kusiyana kwa kugona kunyumba ndi kugona kundende ya Maula kungakhale pa liwu limodzi limeneli. Palinso vuto la ulemu, pakuti munthu woleredwa bwino akaima pamaso pa akuluakulu amayamba ndi "pepani" kapena "ndamva", mawu amene m'Chichewa sakutanthauza kuti walakwa, koma amene atamasuliridwa mwachangu amamveka ngati kugonja.

Alipo mawu amene ankaoneka odziwikiratu koma n'kupezeka kuti ali ndi matanthauzo awiri?

Chitsanzo chimene Amalawi ambiri amachikumbukira ndi cha dzina "majority" m'ndime 80 ya malamulo oyendetsera dziko, yonena za kasankhidwe ka mtsogoleri wa dziko. Mwana wa Sitandade 8 aliyense anganene kuti mawuwa amatanthauza ambiri, ndipo angaone ngati palibe chokambirana. Koma ambiri poyerekeza ndi chiyani? Pa mlandu umene Gwanda Chakuamba ndi anzake anakasuma pambuyo pa chisankho cha 1999, khoti la apilo linagamula mu 2000 kuti wopambana ndi amene wapeza mavoti ochuluka kuposa wina aliyense. Potsata kamvedwe kameneka, Peter Mutharika analengezedwa kuti wapambana chisankho cha pa 21 Meyi 2019 ndi mavoti 38.57 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera atapeza 35.41 ndipo Saulos Chilima 20.24.

Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu, omwe ndi Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Michael Tembo, atakhala mu Lilongwe ngati khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, anafafaniza chisankhocho chifukwa cha zolakwika zambiri, kuphatikizapo kufufuta manambala ndi Tipp-Ex. Iwo anagamulanso kuti "majority" amatanthauza mavoti opitirira theka la onse oponyedwa, zomwe anthu anazolowera kuzitcha 50+1. Khoti la apilo linagwirizana nazo pa 8 Meyi, ndipo chisankho chatsopano chinachitika pa 23 Juni chaka chomwecho. Mlanduwu unkaulutsidwa pa wailesi ukumasuliridwa m'Chichewa, moti m'magolosale ndi m'malo ometera a ku Area 23 ndi Area 25 anthu anamva ndi makutu awo maloya akulimbana pa tanthauzo la mawu amodzi. Kwa wophunzira chiyankhulo, mfundo yake ndi yakuti mawuwo anali "obvious" kwa aliyense, koma sanali "unequivocal", ndipo zinatenga zaka 20 ndi zigamulo zotsutsana kuti tanthauzo limodzi likhazikike.

Ndi mayina ati amene mfotokoziyu amayenda nawo?

Amakonda mayina a zinthu zimene munthu amanena kapena kusonyeza, monga "answer", "statement", "support", "apology", "rejection" ndi "evidence". Sanenedwa za madzi kapena za msewu, ndipo akanenedwa za munthu, monga kuti nduna inali "unequivocal", tanthauzo lake ndi lakuti zimene ndunayo inanena zinalibe pozembera. Asayansi amawagwiritsa ntchito mosamala kwambiri chifukwa mwambo wawo ndi wosiya mpata wokayika. N'chifukwa chake dziko linatchera khutu pamene gulu la akatswiri a zanyengo la IPCC, lomwe lili pansi pa United Nations, linasankha mawu amenewa mu lipoti lake la 2007 ponena za kutentha kwa dziko, n'kuwabwerezanso mu 2021 ponena kuti zochita za anthu ndizo zikutenthetsa dzikoli.

Bwanji ophunzira amene akhala akumva Chingerezi kuyambira ali ana amavutikabe ndi mawu otere?

Mbali ina ya yankho ili m'mbiri ya ndondomeko ya ziyankhulo. Msonkhano waukulu wa chipani cha MCP wa 1968 unakhazikitsa Chichewa ngati chiyankhulo cha fuko, ndiponso Chichewa ndi Chingerezi ngati ziyankhulo za ntchito za boma. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo chawo, kenako lamulo la zamaphunziro la 2013 linanena kuti Chingerezi ndicho chikhale chophunzitsira. Pakati pa kusinthasintha kumeneku, sukulu ya pulayimale yaulere imene inayamba mu 1994 inachulukitsa ana kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo makalasi a m'makomboni a m'tauni ndi ena mwa odzaza kwambiri mpaka lero. Mphunzitsi wokhala ndi ana oposa 100 sangathe kumva chiganizo cha mwana aliyense, choncho amalemba pa bolodi mndandanda wa mawu ofanana matanthauzo kuti ana akopere ndi kuloweza.

Mayeso nawonso amalimbikitsa njira yomweyi. Munthu sangalandire satifiketi ya MSCE yochokera ku MANEB ngati walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi, ndipo mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi chomwecho. Mantha amenewa amachititsa kuti wophunzira aone mawu aatali ngati chida chosangalatsira wochonga, osati ngati chida chonenera chinthu molondola. Ena amanena kuti vuto ndi chikhalidwe, poti Amalawi amakonda kuphiphiritsa, kukuluwika ndi kukana ndi mawu oti "tiona" kapena "tiyesetsa". Maganizo amenewa ndi osakwanira, chifukwa Angerezi nawonso ali ndi njira zawo zambiri zokanira mwaulemu, komanso ankhoswe amene akuweruza banja kapena mfumu imene ikudula mlandu wa malire amafika pomwe amaleka miyambi n'kunena mawu amodzi osabwezeka. Luso losiyanitsa mawu ozungulira ndi mawu olunjika mwana wa ku Chinsapo ali nalo kale kuchokera kwawo. Chimene sanapatsidwe ndi mwayi wokwanira woona momwe Chingerezi chimachitira zomwezo.

Kodi njira yabwino yophunzirira mawuwa ndi iti?

Mtanthauziramawu ndi poyambira chabe. Buku la Steven Paas la Chingerezi ndi Chichewa, lomwe Oxford University Press inasindikiza mu 2016, limathandiza kupeza tanthauzo msanga, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa m'chaka cha 2000, wokonzedwa ndi Centre for Language Studies ya University of Malawi, umathandiza kuti wophunzira amvetse bwino mawu a chiyankhulo chake asanawayerekeze ndi achilendo. Koma mtanthauziramawu wa ziyankhulo ziwiri amakakamizika kupereka "choonekeratu" kapena "chosakayikitsa" pa afotokozi angapo osiyana, choncho pamafunikanso wa Chingerezi chokhachokha amene amapereka ziganizo za chitsanzo. Mabuku otere amapezeka ku National Library Service ku City Centre, komanso pa foni kwa amene ali ndi bandulo.

Chothandiza kwambiri ndi kusaka mawuwa m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times, makamaka m'zikalata za mabungwe, za mipingo ndi za zipani, n'kukopera chiganizo chonse osati mawu okha. Akatero wophunzira adzifunse ngati zimene zanenedwazo zilidi ndi tanthauzo limodzi, chifukwa si zachilendo kupeza chikalata chimene chikuyamba ndi kunena kuti chikudzudzula "unequivocally", koma ndime yachitatu n'kuyamba kupereka zifukwa zokhululukira chomwe chadzudzulidwacho. Ntchito ina yothandiza pa gulu lowerengera limodzi ndi kutenga ziganizo za tsiku ndi tsiku, monga "ndibwera masana", "ndikubwezera ndikalandira" kapena "imwani katatu pa tsiku", n'kuzilembanso m'ziyankhulo zonse ziwiri mpaka pasatsale mpata womvera zina. Chiganizo chomalizachi chimaonetsa kuti nkhaniyi si ya mayeso okha, pakuti wodwala wina amamva kuti amwe m'mawa, masana ndi madzulo, pomwe wopereka mankhwala mwina amatanthauza pakadutsa maola asanu ndi atatu alionse.

Nanga wophunzira aziwagwiritsa ntchito mawuwa m'chimangirizo kapena m'kalata yofunsira ntchito?

Mwa apo ndi apo, ndipo pokhapokha pamene nkhani ikukhudza kutseka mpata wa tanthauzo lachiwiri. M'chimangirizo cha mtsutso, pomwe wolemba akunena kuti umboni wakuti suloza kwina kulikonse, mawuwa amakhala pamalo pake. M'kalata yofunsira ntchito yaulonda kapena yogulitsa m'shopu samakhala bwino, chifukwa wolemba ntchito amafuna kudziwa zimene munthu amatha, ndipo "clear" kapena chiganizo chachifupi chopanda mfotokozi aliyense chimakwanira. Sayeneranso kuphatikizidwa ndi "very" kapena "a bit", popeza chinthu sichingakhale ndi tanthauzo limodzi pang'ono. Kwa anthu ambiri a m'makomboni, kuwazindikira mawuwa akamawerenga pangano la ngongole, kalata yochotsedwa ntchito kapena chigamulo cha khoti ndi kofunika kuposa kuwalemba, chifukwa akapezeka m'chikalata chotero amasonyeza kuti wolembayo adzakana kamvedwe kena kalikonse, ndipo wosaina ayenera kufunsa kuti amufotokozere ndimeyo m'Chichewa asanaike siginecha kapena chidindo cha chala.